Kukonza Nyumba Mvula Isanagwe: Malangizo kwa Okhala ku Mulanje ndi ku Thyolo

Chaka chilichonse, mvula yoyamba ija akuluakulu amaitcha chizimalupsa ikangodutsa, m'mawa mwake mumapeza anthu ku Chitakale, ku Luchenza kapena ku Bvumbwe akutola malata m'minda ya anzawo, ena akuyanika zofunda ndi ufa pabwalo. Ambiri mwa anthuwa si aulesi ayi. Ena amakhala atagula malata atsopano chaka chomwecho, ena atapaka penti nyumba yonse mpaka kuwala. Vuto ndi lakuti timakonza pamene diso likuona, chonsecho mphepo ndi madzi zimagwira nyumba m'malo awiri amene sitiyang'anako kawirikawiri: pamene denga lakumana ndi khoma, ndiponso m'tsinde mwa khoma pamene lakhudzana ndi nthaka. Malangizo ali m'munsiwa asanjidwa motsatira malo awiri amenewa.

Nthawi yabwino yogwira ntchitoyi ndi kuyambira mu Seputembala mpaka pakati pa Okutobala. Chiperoni chimakhala chitatha, matabwa ndi makoma zimakhala zitauma, ndipo mabanja ambiri amakhala ndi kangachepe kuchokera ku nandolo. Mukafika mu Novembala mwachedwa, chifukwa aliyense amakhala ali kumunda kapena akuyamba kutchola tiyi, ndipo amisiri odziwa ntchito amakhala atagwidwa kale ndi anthu amene madenga awo asasuka.

ZIPANGIZO ZOFUNIKA

Musagule chilichonse musanamalize sitepe 1 ndi 2, chifukwa ndi pamene mudziwe kuchuluka kwa zimene mukufuna. Zofunika kukhala nazo pafupi ndi izi:

- Makwerero olimba, ndi thabwa lalitali lopondapo mukakhala padenga
- Hamala, pulayala, sowo, chikwanje, khasu, fosholo ndi wilibala
- Tochi, choko, kope ndi cholembera
- Misomali ya malata yokhala ndi chipewa ndi washa wa labala, komanso misomali ya matabwa ya mainchesi 4 ndi 5
- Waya wokhuthala wosachita dzimbiri, kapena chitsulo chopyapyala chimene amisiri amati hoop iron
- Phula lomatira malata
- Simenti, mchenga wa kumtsinje wosasakanikirana ndi dothi, miyala ndi zidutswa za njerwa
- Mankhwala oteteza matabwa ku chiswe
- Kwa a denga la udzu: udzu wouma bwino, pulasitiki wakuda, luzi kapena chingwe, ndi nsungwi
- Mbewu ya udzu wa vetiva, imene nthawi zambiri mukhoza kungopempha kwa mnansi amene ali nayo m'munda

Mufunikanso munthu wachiwiri. Ntchito ya padenga siyenera kugwiridwa ndi munthu mmodzi yekha pakhomo popanda wina womugwirira makwerero.

KUYENDERA NYUMBA

1. Yambani ndi m'kati, masana dzuwa lili paliwombo. Tsekani zitseko ndi mawindo, kenako yang'anani kudenga chipinda ndi chipinda. Paliponse pamene pakulowa kuwala, ngakhale kochepa ngati diso la singano, padzadontha. Lembani ndi choko pamtanda umene uli pafupi ndi bowolo kuti musadzaiwale malo ake mukakwera pamwamba. Ngati nyumba ili ndi siling'i, fufuzani madontho akuda kapena malo otupa, ndipo lowani m'siling'imo ndi tochi, mukuponda pamitengo yokha. Chenjezo: pamene siling'i yada si pamene pali bowo nthawi zonse. Madzi amalowa pamwamba, n'kutsetsereka ndi phaso mita imodzi kapena awiri asanagwe, choncho tsatirani chizindikiro cha madzicho chokwera mpaka mupeze pamene chayambira.

2. Tulukani panja, zungulirani nyumba yonse pang'onopang'ono muli ndi kope m'manja. Lembani ming'alu, malo amene pulasitala wagwa, mizere ya dothi ya chiswe, malata otukuka m'mphepete, nthambi zolendewera padenga, ndiponso malo amene madzi anadikha chaka chatha. Malo amenewa sasowa: khoma limakhala ndi ndere zobiriwira kapena mzere wa matope m'munsi mwake. Funsaninso amayi a pakhomopo ndi ana, pakuti iwo ndiwo amene ankaika mabeseni usiku ndipo amakumbukira bwino pamene pankadontha. Mukamaliza, sanjani ntchito zanu motere: choyamba zimene zingagwetse nyumba, chachiwiri zimene zingalowetse madzi, ndipo zokongoletsa zikhale kumapeto ngati ndalama zatsala.

DENGA LA MALATA

3. Yesani mitengo musanakhudze malata. Tengani msomali waukulu, bayani mapaso ndi mitanda yokhomerapo malata, makamaka kumapeto kwake kumene kwalowa m'khoma ndi kumene kwatulukira panja. Mtengo wabwino umakana msomali, pomwe wodyedwa ndi chiswe kapena wofumbwa umaulola kulowa ngati mukubaya chinangwa chophika, ndipo mukaugogoda umamveka kuti m'kati mulibe kanthu. Mtengo wotere uchotsedwe. Ngati wawonongeka mbali yochepa chabe, mukhoza kuuphatikiza ndi thabwa latsopano lopitirira malo ovundawo ndi theka la mita mbali zonse ziwiri, n'kukhoma zolimba. Mitengo yonse yatsopano ipakidwe mankhwala a chiswe isanakwere, osaiwala kumapeto kumene mwadula ndi sowo. Ambiri kuno timagwiritsa ntchito bulugamu chifukwa ndi amene amapezeka, ndipo alibe vuto ngati ali wokhwima ndi wouma. Wauwisi amapindika ndi kung'aluka akamauma, n'kumasula misomali yonse imene munakhoma. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi matabwa a mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mukaneni, chifukwa mtengo umenewu ndi wotetezedwa ndi malamulo ndipo watsala pang'ono kutheratu.

4. Mangirirani denga ku khoma. Iyi ndiyo sitepe yofunika kuposa zonse m'malangizo ano, ndipo ndi imene anthu ambiri amaidumpha. Mphepo yamkuntho siikankha denga pansi, koma imalinyamula m'mwamba. Ikamadutsa pamwamba pa nyumba imayamwa malata, ndipo ikalowa pansi pa khonde kapena pawindo losweka imawatukula kuchokera m'kati. N'chifukwa chake nthawi zambiri denga limauluka lathunthu, malata ndi mitengo yake yomwe, n'kukagwera kutali lili chilumikizire. Zikatero malata sanalakwe, misomali sinalakwe, koma denga linangosanjikidwa pakhoma popanda chogwira.

Yang'anani phaso lililonse pamene lakhala pakhoma. Payenera kukhala waya kapena hoop iron yozungulira phasolo n'kutsikira m'khoma. Ngati palibe, kapena waya wake wadyeka ndi dzimbiri, boolani khoma kabowo kakang'ono pamzere wa matope kapena wa simenti, mutawerenga mizere ya njerwa isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera pamwamba. Pisani waya wopinda pawiri pabowolo, mukwezeni mbali zonse ziwiri za khoma, mudutsitseni pamwamba pa phaso, ndipo mupotoleni ndi pulayala kapena kachitsulo mpaka atakungika kotero kuti simungathe kulowetsa chala pansi pake. Tsekani bowolo ndi simenti. Chenjezo: musamange waya pamzere woyamba kapena wachiwiri wa njerwa, chifukwa mphepo idzangonyamula denga pamodzi ndi njerwa ziwirizo. Waya amafunika kulemera kwa khoma pamwamba pake. Pa khoma la zidina, ikani kachidutswa ka thabwa kapena ka chitsulo pabowo kuti waya asamadule dothi akamakokedwa, ndipo tsikani m'munsi kuposa pamenepa ngati mungathe.

Mukatha apo, mangani mitanda ku mapaso. Msomali umodzi wokhomedwa choongoka umazuka mosavuta, choncho onjezerani waya kapena hoop iron pamphambano iliyonse, makamaka m'makona anayi a denga, m'mphepete ndi pamsonga, pakuti kumeneko ndi kumene mphepo imayambira kusenda.

5. Tsopano kwerani pamwamba. Chitani zimenezi m'mawa, mame atauma koma malata asanatenthe. Makwerero aime pa nthaka yolimba, phazi lake litalikire khoma mita imodzi pa mamita anayi alionse okwera, ndipo apitirire pang'ono m'mphepete mwa denga kuti mupeze pogwira potsika. Pondani pamizere ya misomali pokha, popeza pansi pake ndi pamene pali mitanda, kapena yalani thabwa lanu lija. Kuponda pakati pa mitanda kumapinda lata, ndipo ngati ndi lopyapyala kapena ladzimbiri mukhoza kubooleza n'kugwera m'nyumba.

Zulani misomali yonse yogwedera ndi ya dzimbiri. Musaibwezere pabowo lomwelo la mtengo, chifukwa lakula kale. Lowetsani msomali watsopano pabowo la lata lomwelo koma moupendeketsa pang'ono kuti ugwire mtengo wabwino, kapena khomani pambali n'kutseka bowo lakalelo ndi phula. Msomali umakhomedwa pamsana pa lata, pamzere wotukuka, osati m'khwawa momwe mumayenda madzi. Khomani mpaka washa wagwira, koma musapitirize mpaka lata kuphwanyika, chifukwa pamenepo pamasanduka kadziwe. M'mphepete mwa denga, pamsonga ndi m'makona khomani pa msana uliwonse, pomwe pakati mukhoza kudumpha umodzi. Ngati nsonga ya msomali yatulukira pansi pa mtanda, ipindeni. Akale ankachita zimenezi nthawi zonse, ndipo msomali wopindidwa suzuka wamba.

6. Tsekani mabowo ndi kusintha malata otheratu. Palani dzimbiri ndi fumbi pamalopo, pukutani, kenako matani phula. Bowo loposa chala limafuna chigamba cha lata chomatidwa phula pansi ndi m'mbali. Sopo, chingamu ndi pulasitiki wosungunula zimagwira sabata ziwiri zokha, dzuwa la Okutobala likaomba zimasweka. Poika lata latsopano, lilowerane ndi linzake msana umodzi ndi theka m'mbali, ndipo lapamwamba liphimbe lapansi ndi masentimita 15 mpaka 20. Pogula, kumbukirani kuti nambala ya geji ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32. Ngati ndalama sizikukwanira denga lonse, ndi bwino kugula malata ochepa okhuthala n'kuwaika mbali imene mphepo imachokera kusiyana n'kugula ambiri amene amang'ambika pamsomali.

7. Tsitsani miyala, njerwa ndi matayala amene munasanjika padenga. Ndikudziwa kuti apa ambiri sagwirizana nane, popeza mwala ndi waulere pomwe waya ndi wogula. Koma mwala umapinda malata, umasunga zinyalala zimene zimayambitsa dzimbiri, ndipo mphepo ikakula ndithu umagwera anthu, mwina kubooleza denga usiku ana ali m'tulo. Mukamanga waya monga tafotokozera pa sitepe 4, mwalawo ulibenso ntchito. Amene muli ndi sola padenga, onani ngati yamangidwa ku mitengo ya denga osati ku lata lokha. Sesaninso masamba onse m'makhwawa a malata ndi m'ngalande zotolera madzi a padenga.

DENGA LA UDZU

8. Chotsani udzu wovunda mpaka mufike pa wabwino, ndipo yesani mapaso ndi nsichi monga pa sitepe 3. Yalani pulasitiki kuyambira m'munsi kupita pamwamba, wapamwamba aziphimba wam'munsi, apo ayi madzi adzalowa pamlumikizano. Folerani kuyambira m'munsi momwemonso, ndipo mzere uliwonse wa udzu upanidwe ndi nsungwi yomangidwa ku phaso ndi luzi. Pulasitiki asaonekere paliponse, chifukwa dzuwa limamuphwanya msanga. Denga la udzu limafuna kutsetsereka kwambiri, pafupifupi madigiri 45, kuti madzi asakhazikike. Lathyathyathya limavunda ngakhale udzu wake utachuluka bwanji. Kudera lathu kuno minda ya tiyi ndi kuchuluka kwa anthu zinachepetsa malo omera udzu, choncho ugulireni msanga usanakwere mtengo, ndipo uunjikeni kutali ndi khitchini popeza ino ndi nyengo ya moto.

MAKOMA

9. Siyanitsani ming'alu. Ing'onoing'ono yonga ukonde wa kangaude imakhala ya pulasitala chabe. Ikuzeni pang'ono, tsukani fumbi, nyowetsani, ndipo matani ndi simenti muyeso umodzi ku miyeso inayi ya mchenga wosefa. Koma mng'alu umene ukuyenda mopingasa ngati masitepe kutsatira mizere ya njerwa, umene ukuoneka m'kati ndi kunja komwe, kapena umene ndi waukulu pamwamba kuposa pansi, ukusonyeza kuti maziko akusuntha. Lembani mizere iwiri ya choko mbali zonse za mng'aluwo, yezani mpata wake, ndipo yezaninso pakatha sabata ziwiri. Ngati ukukula, kapena ngati khoma lapendekeka, itanani mmisiri wodziwa ndipo musagoneke ana m'chipinda chimenecho. Kumata mng'alu wotere n'kungoubisa.

10. Tetezani tsinde la khoma. Nyumba za zidina ndi za njerwa zomangira matope sizigwa chifukwa cha madzi ochokera pamwamba okha. Zimagwa chifukwa m'munsi mwanyowa kwa masiku angapo mpaka dothi kufewa, monga tinaonera pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mvula inagwa masiku otsatizana osakata ndipo makoma ambiri anangokhala pansi popanda mphepo yowakankha. Pakani pulasitala wa simenti kuyambira pa nthaka kufika m'chiuno ngati simungathe khoma lonse, poyambira mbali imene mvula imaombera. Pa zidina simenti sagwira bwino payekha, choncho palani mozama mizere ya pakati pa zidinazo kapena khomani waya wa khola la nkhuku kuti pulasitala apeze pogwira. Mukamata, thirirani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku osachepera atatu, ndipo sabata yathunthu ndi yabwino koposa. Dzuwa la nyengo ino limaumitsa simenti asanakhwime, ndipo pulasitala wosathiriridwa amayoyoka ndi chala. Amene simungakwanitse simenti, kwezani khonde la dothi kuzungulira nyumba yonse, lotsetserekera kunja, mulitsendere zolimba ndi kulizira.

11. Gumulani mizere yonse ya chiswe pakhoma, itsatireni mpaka pamene yachokera, ndipo thirani mankhwala motsatira zolembedwa pa botolo, ana ndi ziweto zili kutali. Chotsani nkhuni, mapesi ndi matabwa otsamira khoma. Konzaninso zotsekera za mawindo ndi zitseko, ndipo bwezerani magalasi osweka, pakuti windo limodzi lotseguka mbali ya mphepo ndi lokwanira kudzaza mphepo m'nyumba n'kutukula denga.

NJIRA YA MADZI

12. Dziwani kumene madzi amachokera. Nyumba zambiri ku Thyolo ndi m'munsi mwa phiri la Mulanje zinamangidwa pamtsetse, pamalo ochita kusema, kotero kuti kuseri kwa nyumba kuli chigumula cha dothi chotalika mwina kuposa windo. Madzi onse a m'munda wa kumtunda, a m'njira ndi a padenga la mnansi amathera pamenepo. Imani kuseri kwa nyumba, yang'anani kumtunda, ndipo tsatirani tinjira timene madzi anakumba chaka chatha. Pakati pa khoma ndi chigumulacho payenera kukhala mpata wosachepera mita imodzi, wopanda dothi logumukira. Ngati dothi latsamira khoma, lichotseni lonse, ndipo chigumulacho muchiseme chopendekera kumbuyo kuti chisaime chilili.

13. Kumbani ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa nyumba, mamita awiri kapena atatu kuchokera pakhoma ngati malo alipo. Kuya kwake ndi kutambalala kwake kukhale pafupifupi masentimita 30 mpaka 40, ndipo dothi lotulukamo muliunjike mbali ya kunyumba kuti likhale ngati mlambala. Ngalande itsetsereke pang'onopang'ono. Ikakhala yathyathyathya madzi amadikha n'kulowerera m'maziko, ndipo ikatsetsereka kwambiri imasanduka chigwembe chaka chimodzi chokha. Yesani pothira ndowa zingapo za madzi kumtunda kwake n'kuona ngati akuyenda mpaka kumapeto. Pamene madzi akuthamanga kwambiri yalani miyala, ndipo m'mbali mwake mudzabzale vetiva mvula ikayamba, popeza mizu yake imalowa pansi kwambiri n'kugwira dothi. Pansi pa m'mphepete mwa denga, pamene madzi a malata amagwera, yalani miyala ing'onoing'ono kapena zidutswa za njerwa kuti madzi asakumbe ndiponso asathovukire kukhoma.

Chenjezo lalikulu pano ndi la kumene ngalande ikathere. Musalozetse madzi ku nyumba, ku chimbudzi kapena ku munda wa mnansi wa kumunsi. Milandu yotere imadzaza mabwalo a mafumu nthawi ya dzinja, ndipo imadanitsa anthu apachibale. Kambiranani ndi anansi musanakumbe, kuti ngalande zanu zilumikizane mpaka kukafika kukhwawa kapena ku ngalande ya mumsewu. Pamene nyumba zathithikana, monga m'misika ya Limbuli ndi Luchenza, ntchito imeneyi imatheka bwino anthu akagwirira pamodzi tsiku limodzi mogwirizana ndi amfumu.

14. Fukulani ngalande zakale ndi mipaipi ya pansi pa msewu imene ili pafupi ndi kwanu. Majumbo, mabotolo ndi makoko a nzimbe zimene zaunjikana m'chilimwe ndi zimene zimatseka njira pa mvula yoyamba. Kwirirani maenje oumbira njerwa amene ali pafupi ndi nyumba, chifukwa akadzaza madzi amaswa udzudzu ndiponso ana amamiramo.

MITENGO NDI MAGETSI

15. Sadzani nthambi zouma ndi zonse zolendewera padenga. Mipeyala ndi mibulugamu ndiyo imathyoka msanga, ndipo nthochi zoyandikira khoma zimasunga chinyezi, choncho zipatuleni. Nthambi yaikulu imangidwe chingwe, idulidwe pang'ono cham'munsi kaye kenako pamwamba, kuti isang'ambe mtengo kapena kugwera malata. Musagwetse mitengo yonse chifukwa cha mantha, pakuti mitengo yoima patali pang'ono ndiyo imatchinga mphepo ndi kugwira dothi. Nyumba ya pambalambanda ndi imene imayamba kusasuka.

16. Nthambi imene yayandikira mawaya a magetsi musaikhudze konse. Kauzeni a ESCOM. M'nyumba, onani mawaya osupuka ndi masoketi amene ali pakhoma lonyowa, ndipo zimenezi akonze ndi wodziwa za magetsi. Aliyense wamkulu pakhomo adziwe pamene pali chozimitsira magetsi a nyumba yonse.

CHIMBUDZI, KHOLA NDI CHAKUDYA

17. Chimbudzi ndicho chimayamba kugwa mvula ikachuluka, ndipo chikagwa matenda otsekula m'mimba sachedwa. Tonse tikukumbukira mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023. Gogodani mitengo imene yanyamula pansi pake. Ngati yavunda, kapena ngati dzenje latsala pang'ono kudzaza, kumbani china tsopano nthaka ili youma, pamalo a kumunsi kwa chitsime ndi motalikirana nacho mamita osachepera 30. Kwezani dothi kuzungulira chimbudzi kuti madzi oyenda asalowe m'dzenje, folerani denga lake, ndipo pabowo pakhale chivundikiro. Madzi a m'bafa akumbiridwe dzenje lawolawo lodzaza miyala, kutali ndi maziko a nyumba ndi a chimbudzi. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akhoza kukuthandizani kusankha malo ndiponso kukuuzani za kolorini wothira m'madzi akumwa.

18. Matumba a chimanga asakhale pansi kapena kutsamira khoma. Asanjikeni pa matabwa kapena pa thandala lokwera. Khola la mbuzi ndi la nkhuku lifoleredwe ndipo likhale ndi kangalande kake. Makadi a unzika, mabuku a kuchipatala, masatifiketi ndi mapepala a malo zikulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa pamwamba, pamodzi ndi tochi ndi machesi, pamalo amene mungawapeze mumdima.

KWA OKHALA M'MUNSI MWA PHIRI NDI M'MBALI MWA MITSINJE

19. Pali malo ena amene waya, simenti ndi ngalande sizingapulumutse nyumba. Napolo amene anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso zimene zinachitika pa Freddy, zinaonetsa kuti madzi osakanikirana ndi miyala ndi matope amatsata makhwawa akale ngakhale papite zaka zambiri ali ouma. Ngati nyumba yanu ili pakhwawa lotere, pakati pa miyala ikuluikulu imene inagubuduka kale, kapena pafupi ndi mitsinje monga Ruo, Likhubula, Lichenya, Muloza ndi Thuchila, gwirizanani lero kumene banja lidzathawire ndi njira yodzera, osadutsa pamtsinje. Ganiziraninso amene adzanyamule agogo ndi ana aang'ono. Zizindikiro zofunika kusamuka msanga ndi ming'alu yatsopano panthaka ya kumtunda, mitengo kapena mapolo oyamba kupendekeka, akasupe otumphuka pamene panalibe, mtsinje wosintha mwadzidzidzi kukhala wamatope kapena kuphwera mvula ikugwabe, ndi mkokomo wochokera kuphiri. Anamondwe ochokera ku nyanja ya mchere ya India kudzera ku Mozambique amafika kuno makamaka pakati pa Januwale ndi Malichi, monga Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Muzimvera pa wailesi mauthenga a nthambi yoona zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo akanena kuti musamuke, samukani kukadawala.

ZOLAKWITSA ZIMENE ZIMACHITIKA KAWIRIKAWIRI

Cholakwa chofala kwambiri ndi kuyamba ndi penti. Munthu akalandira ndalama za nandolo kapena za ku banki mkhonde amafuna kuti anthu aone kusintha, choncho amagula penti ndi fisha bodi (thabwa la m'mphepete mwa denga), waya wa padenga n'kuiwalika, chonsecho mtengo wa wayayo sufika pa chitini chimodzi cha penti.

China ndi kukhoma malata atsopano pa mitanda yodyedwa ndi chiswe. Mmisiri wofulumira sakuuzani zimenezi chifukwa akufuna amalize alandire zake, n'chifukwa chake muyenera kukhalapo nokha pamene akusasula malata akale, ndi kuyesa mtengo uliwonse ndi msomali asanaphimbe. Pa chifukwa chomwecho, musamalize kulipira musanathire madzi padenga ndi ndowa n'kuona ngati sipakudontha.

Ena amatalikitsa khonde kwambiri pofuna mthunzi, osaika mizati yomangirira pansi. Denga lotulukira kunja pafupifupi theka la mita limateteza khoma ku mvula, koma likapitirira apo popanda chogwira limasanduka chogwirira cha mphepo. Khonde lalikulu likhale ndi denga lakelake losalumikizana ndi la nyumba, kuti likauluka lisatenge denga lonse, ndipo mizati yake izikidwe m'simenti.

Kuchepetsa simenti kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 likwanire khoma lonse ndi kutaya ndalama, monganso kugwiritsa ntchito mchenga wa mumsewu wodzaza dothi. Simenti amene wagona nthawi yaitali mpaka kuchita mibulu yolimba watha mphamvu, musamugule ngakhale atatsitsidwa mtengo.

Alipo amene amakumba ngalande yogundana ndi khoma, poganiza kuti akuchotsa madzi, pomwe akuwaitanira m'maziko. Alipo amene amakumba bwino koma osabwererako, chonsecho ngalande imafuna kufukulidwa mvula yaikulu iliyonse ikatha.

Okhala m'nyumba za lendi kawirikawiri amadikira eni nyumba, eni nyumbawo n'kumadikira kuti alendi adandaule. Auzeni mu Seputembala, muwaonetse mndandanda wa pa sitepe 2, ndipo ngati mwagwirizana kuti mukonze nokha n'kudula pa lendi, mgwirizanowo ulembedwe papepala pamodzi ndi malisiti a zimene mwagula.

Chomaliza ndi kukwera padenga mvula itayamba kale, malata ali oterera ndipo mphezi zikung'anima. Kukadontha usiku, tcherani beseni, sunthani katundu, lembani malowo ndi choko, ndipo mudzakwere denga likauma.